Timbatata totsalira m'munda: kalata kwa achemwali anga ku Tsangano

Achemwali,

Lamlungu lija ndinachoka kwanu osatsanzika bwino, ndipo munaona. Ndinanena kuti "ndapita" ndili kale panjinga yamoto, ngati munthu wothawa ngongole. Njira yonse yotsetserekera ku msewu wa M1, fumbi lili koboo, m'mutu mwanga munkangolira mawu anu aja: "Chotupa anachotsa, bere anachotsa, bala lapola. Nanga ku Lilongweko ndikatolakonso chiyani?" Yankho ndinali nalo, koma pakhonde paja tinalipo anthu asanu ndi anayi ndipo aliyense anabwera ndi mankhwala ake. Azakhali anali ndi sing'anga wa kutsidya ku Mozambique. Amayi a kumpingo anali ndi kusala kudya kwa masiku atatu. Alamu anangoti zii, maso ali pamatumba a mbatata. Ine mphunzitsi, amene ndimalongolola tsiku lonse pamaso pa ana, lilime linandilemera.

Ndiye ndalemba. Munandilola pafoni kuti kalatayi ikhale ya poyera, bola dzina lanu lisatchulidwe, kuti aliyense amene anali pakhonde paja amve zofanana, pasakhale za kandimverere.

Ndiyambe ndi mlandu wanga, chifukwa ukundidya. Chaka chatha, pobwera ku Umhlangano ku Nkolimbo, munakokera pambali mlamu wanu, mayi a kunyumba kwanga, n'kuwagwiritsa kachotupa kolimba m'bere la kumanzere. Nkhani zotere mlongo sauza mlongo wake maso ndi maso, choncho inandipeza usiku, kuchipinda. Ndinafunsa funso limodzi lokha: "Kakuwapweteka?" Atati ayi, ndinati, "Ndiye si kanthu, ayambe akumba kaye mbatata." Ndinatembenuka n'kugona. Lero ndikudziwa kuti chotupa cha khansa ya m'mawere nthawi zambiri chimayamba chosapweteka, ndipo kusapwetekako ndiko kumapusitsa anthu. Mutapita nokha pachipatala china chaching'ono anakupatsani mapiritsi opha ululu umene munalibe, n'kukubwezani. Pakati pa iwo ndi ine tinakutayitsani miyezi isanu ndi itatu. Miyezi imeneyo sindingaibweze. Chimene ndingathe n'kukana kukhalanso chete kachiwiri.

Pepala lija la zotsatira za kuyeza chotupa munalipinda kanayi n'kuliponya m'kabuku ka kuchipatala, ngati lisiti ya feteleza. Tsiku limene adokotala a ku Kamuzu Central ankalimasulira inu munkayang'ana pawindo, ndipo sindikukunenani, munthu akangomva mawu oti khansa makutu amatsekeka. Ine monga gadiyani ndinalemba zonse kumapeto kwa kope la masamu. Pepalalo likunena zinthu zitatu.

Choyamba, chotupa chinali cha masentimita 4, ngati dzira la nkhuku yachikuda, ndipo anachichotsa chonse, m'mbali mwake mosatsala kanthu. Apo tinene zikomo. Chachiwiri ndicho chandisowetsa tulo. M'khwapa mwanu anachotsamo anabere 12, aja amatupa munthu akakhala ndi bala, ndipo mwa atatu anapezamo khansa. Anabere ali ngati zipata zotulukira m'mudzi. Mbala ikapezeka pachipata ndiye kuti inali itayamba kale ulendo, ndipo palibe angalumbire kuti inzake sinadutse. Chachitatu n'chabwino: khansa yanu ndi ya mtundu umene umakula ndi estrogen, homoni ya m'thupi la amayi, choncho pali piritsi loimana chakudya chimenecho. Anayezanso china chotchedwa HER2 n'kupeza kuti mulibe. Pamenepo ndinapumira m'mwamba, popeza mankhwala a mtundu umenewo, trastuzumab, ndi okwera mtengo kwambiri.

Tsopano ndikuyankheni funso lanu lija, m'chilankhulo chanu chomwe. Inu ndinu mlimi wa kachewere, ine ndine wa choko, ndiye mundikonze ngati ndalakwitsa. Mukakumba mbatata mumadutsa ndi khasu, kenako ana amabwereza ndi manja, kufukula mzere ndi mzere mpaka munda kuoneka mbee. Koma mvula yoyamba ikangogwa, mumaona timasamba tikutuluka apa ndi apo pamene simunabzale. N'timbatata tija tonga nsawawa, totsalira m'dothi, timene diso silinatione. Wokumba sanalakwe. Ndi mmene mbatata ilili. Adokotala amene anakuchitani opaleshoni anakumba bwino, koma mpeni umachotsa zooneka zokha. Maselo a khansa ochepa akalowa m'magazi n'kukabisala m'fupa, m'chiwindi kapena m'mapapo, palibe makina amene angawaone, ngakhale ku Johannesburg kapena ku London. Amakhala phee chaka, zaka zitatu, nthawi zina khumi, kenako n'kuphuka. Ndipo khansa ya m'mawere ikaphukira m'mafupa kapena m'chiwindi, madokotala amatha kuichedwetsa ndi kuchepetsa ululu, koma kuichiza kotheratu sikuthekanso. Nthawi yolimbana nato timbatata timeneti ndi ino, pamene mukumva bwino, mukudya nsima mitanda iwiri, mukuseka. N'chifukwa chake zikumveka zopanda mutu: akukuitanirani mankhwala owawa pamene simukudwala.

Musadzione ngati mbuli poganiza kuti mpeni wathetsa nkhani. Madokotala enieni anaganiza choncho kwa zaka zoposa 70. Cha m'ma 1890, dokotala wa ku Baltimore ku America, William Halsted, anaphunzitsa kuti mankhwala a khansa ya m'mawere ndi kudula mozama: bere, minofu ya pachifuwa, anabere onse. Amayi ankatsala ndi chifuwa chobooka ndi mkono wotupa, komabe ambiri mwa iwo amene khansa inali itafika m'khwapa ankamwalira nayo patapita zaka. Anadzabwera Bernard Fisher wa ku Pittsburgh n'kuonetsa kuti kudula kwambiri sikuwonjezera moyo, chifukwa vuto limakhala litayenda kale m'magazi. Mu 1976 Gianni Bonadonna ndi anzake ku Milan, m'dziko la Italy, anafalitsa zimene anapeza: amayi a khansa ya m'khwapa amene analandira kemo, mankhwala olimbana ndi khansa m'thupi lonse, pambuyo pa opaleshoni, matenda sankawabwerera msanga poyerekeza ndi amene anangochitidwa opaleshoni yokha. Kuyambira pamenepo akatswiri a ku Oxford akhala akusonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa amayi zikwizikwi. Iwo anapeza kuti kemo ya mtundu umene akufuna kukupatsaniwu imapewetsa pafupifupi imfa imodzi mwa imfa zitatu zilizonse zimene khansayi ikanabweretsa, ndipo piritsi lija, kwa amayi a khansa ya mtundu wanu, likamwedwa zaka zisanu limachotsanso pafupifupi imodzi mwa zitatu.

Sindikunamizani, achemwali. Alipo amayi amene opaleshoni yokha inawachiritsa, anakana kemo ndipo akulima mpaka lero. Aliponso amene analandira kemo yonse, tsitsi n'kuthothoka, khansa n'kubwerabe. Vuto n'lakuti palibe dokotala, mneneri kapena sing'anga amene angakuuzeni lero kuti inu muli mbali iti. Chimene chikudziwika n'chakuti pagulu la amayi a pepala longa lanu, amene amalandira chithandizo chotsatira amatsala amoyo ochuluka kuposa amene salandira. Ndi zokhazo zimene ndingalonjeze, ndipo kwa ine n'zokwanira kukwerera minibasi.

Ndikudziwa amene ali m'maganizo mwanu ngakhale simunawatchule: mayi aja a kutsidya kwa dambo, amene mudzi wonse umati kemo ndiyo inawamaliza. Munawasambitsa inu, ndipo zimene munaona sindingazitsutse. Koma kumbukirani mmene anapitira kuchipatala. Bere linali litaphulika kale, bala likutuluka madzi, msana ukuwapweteka moti ankayenda chogwira khoma. Kwa iwo mbatata zinali zitaphuka munda wonse, ndipo kemo inali yongochepetsa moto. Amayi ambiri kuno kwathu amafika kuchipatala matenda atafika pamenepo, ndiye anthu amaona munthu akulowa ku kemo kenako maliro, n'kumati kemo imapha. Zili ngati kunena kuti ambulansi ndiyo imapha anthu chifukwa ambiri okweramo amakhala ali kayakaya. Inu simuli pamene anali mayi aja. Mankhwala angafanane dzina, koma ntchito imene akukagwira ndi yosiyana.

Za kemoyo ndikuuzeni zonse, kuti pasadzakhale chokudzidzimutsani. Adokotala anati maulendo asanu ndi atatu, kamodzi pa masabata atatu alionse, kutanthauza pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi. Ulendo uliwonse amayamba ayeza magazi. Akapeza kuti asilikali a m'thupi achepa amakubwezani kuti mudikire sabata, ndipo kumeneko si kukukanani, n'kukutetezani. Maulendo anayi oyamba ndi a mankhwala awiri, doxorubicin ndi cyclophosphamide. Woyambayo ndi wofiira ngati Sobo wa cherry plum, ndipo kwa tsiku limodzi kapena awiri mkodzo umatuluka wofiirira. Si magazi, musadzachite mantha. Wofiirayu amatha kufooketsa mtima mwa anthu ena, choncho muwauze za BP yanu ija osabisa. Mseru umabwera masiku oyamba, koma pali mapiritsi ake, ndipo amagwira bwino mukawamwa mseruwo usanayambe. Chakudya chimasiya kukoma, m'kamwa mumatha kutuluka tizilonda, thupi limalefuka ngati mwalima ndime ziwiri. Maulendo anayi otsiriza ndi a paclitaxel, amene amaphwanya m'thupi ndi kuchititsa dzanzi kunsonga za zala za m'manja ndi za kumapazi. Dzanzilo likakula mudzawauze, amatha kuchepetsa mlingo.

Tsitsi lidzathothoka. Izi sindingazikometse. Pakatha masabata awiri kapena atatu kuchokera pa diripi yoyamba mudzalipeza papilo ndi pachipeso. Ndinaona nkhope yanu adokotala atanena zimenezi, ndipo ndinamvetsa. Kwathu kuno mayi wa mpala ndi wofedwa, timameta pamaliro. Munthu woyenda ndi mutu wometa pamsika wa Tsangano anthu amamufunsa kuti watisiya ndani. Mwina mukuona ngati mukhala mukudzilira nokha maliro muli moyo. Koma tsitsi limeneli limameranso kemo ikatha, patangopita miyezi yochepa. Ndipo tinene zoona, ndi liti pamene munthu anakuonani kunja kwa nyumba opanda duku? Ine mlongo wanu tsitsi lanu ndinaliona komaliza paukwati wanu.

Chimene ndikufuna muchigwire ndi manja awiri ndi ichi. Pakati pa tsiku lachisanu ndi chiwiri ndi la 14 kuchokera pa diripi, asilikali a m'thupi amakhala atatsika kwambiri. Thupi likatentha kufika 38, kapena mukayamba kunjenjemera, si nkhani yodikira kuche, si nkhani yotuma mwana kukagula Panado pagolosale n'kumati ndi malungo a masiku onse. Ndi nkhani yonyamuka ola lomwelo kupita kuchipatala cha boma ku Ntcheu n'kukanena pakhomo pomwe kuti muli pa kemo. Kachirombo kamene munthu wina angakagonjetse ndi tulo, kwa inu masiku amenewo kangathe kukutengani. Apa ndi pamene kemo ingaphedi munthu, akazengereza. Ndagula kale kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi. Ndipo poti msewu wa kwanu uja mvula ikagwa mumaudziwa nokha, ine ndikanakonda kuti masabata awiri oyamba a diripi iliyonse muzikhala kwathu ku Lilongwe, n'kumapita kumudzi sabata yachitatu, thupi litabwerera. Chipinda cha ana tachikonza kale, anyamata azigona pabalaza.

Piritsi lija dzina lake ndi tamoxifen, ndipo mbiri yake imandiseketsa. Linapangidwa ku England mu 1962 ndi akatswiri amene ankafuna mankhwala olera. Pa ntchito imeneyo linalephera, koma linapezeka kuti limatseka pakamwa pamene maselo a khansa amadyera estrogen. Limamwedwa limodzi patsiku, kemo ikatha, kwa zaka zisanu, ndipo ena amawapitiriza mpaka khumi. Munati zaka zisanu n'zambiri. Inu amene mwaperekeza anthu angapo a m'mudzi mwanu kukatenga ma ARV, n'kumawakalipira akadumphitsa tsiku, mukudziwa kuti piritsi la tsiku ndi tsiku munthu amalizolowera ngati kutsuka m'kamwa. Nalonso lili ndi zake: kumva kutentha kobwera mwadzidzidzi ndi thukuta la usiku, zimene ku Tsangano mwezi wa June mwina mudzazithokoza. Mwa apo ndi apo limaundanitsa magazi m'mitsempha, choncho mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, kapena mpweya ukabanika mwadzidzidzi, muthamangire kuchipatala. Pali zinanso zokhudza kumwezi, kutaya magazi mosayembekezereka, ndi jakisoni wolera uja, amene sagwirizana ndi khansa ya mtundu wanu. Zimenezo si zoti zituluke pakamwa pa mlongo wanu. Mlamu wanu wazilemba ndipo mukakambirana awiri, kenako mukafunse anamwino.

Patsala kuwotcha, kumene madokotala amati radiotherapy. Dzina lakuti kuwotcha limaopsa chabe, palibe moto. Munthu amagona pabedi mphindi zochepa, makina n'kulunjika mphamvu yosaoneka pachifuwa ndi m'khwapa, tsiku lililonse kupatula Loweruka ndi Lamlungu, kwa masabata atatu kapena asanu. Khungu limada ndi kuyabwa ngati lapsa ndi dzuwa, thupi limatopa, basi. Ntchito yake n'kupha zotsalira pamalo pomwe panali chotupa. Zaka zonsezi chithandizo chimenechi kuno kunalibe. Wochifuna ankayenera kupita ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, ku Ocean Road ku Dar es Salaam, ku Kenya kapena ku India, ndipo mlimi wa ku Tsangano akanangomva ngati nthano. Mu 2024 ku Blantyre kunatsegulidwa International Blantyre Cancer Centre, chipatala cholipira chokhala ndi makina amenewa, ndipo mu 2025 boma linatsegula ake ku National Cancer Centre, pa Kamuzu Central pomwe paja. Ife a ku Ntcheu tili pakati pa mizinda iwiriyi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya banja lathu mawu akuti kuwotcha akutanthauza ulendo wa minibasi, osati wa ndege. Koma apa adokotala sanagamule. Anati anabere akakhala anayi kapena kuposa, kapena chotupa chikapitirira masentimita 5, kuwotcha kumafunika ndithu. Pa anabere atatu ngati anu amayeza mbali zonse, msinkhu wanu ndi ukali wa khansayo, ndipo adzakambirana nanu kemo ikamatha. Ndiye mtolo umenewo tiutule kaye, si wa mwezi uno.

Azakhali, ndikudziwa kuti kalatayi akuwerengerani, ndipo ndikulankhula mwaulemu. Inu munatilera amayi atamwalira, ndipo mizu imene munkatiphikira tikatsegula m'mimba inatithandiza. Sindinyoza mitengo. Paclitaxel amene ndatchulayu anapezeka koyamba m'khungwa la mtengo wina wa ku America, ndipo wofiira uja anachokera ku tizilombo ta m'dothi la ku Italy. Kusiyana kwake n'kwakuti mankhwala amenewa anayesedwa pa anthu zikwi zambiri, n'kudziwika mlingo wochiza ndi mlingo wopha, pamene botolo la kutsidya lija palibe akudziwa zili m'katimo. Chiwindi cha achemwali chidzakhala chili kale pantchito yosefa kemo, ndipo kuchisenzetsanso katundu wosadziwika n'kuchipha. Chimene ndikupemphani mogwada n'chakuti mkono wa kumanzere uja pasadutse lumo. Mphini ayi. Anabere amene ankateteza mkono umenewo anachotsedwa, ndipo kabala kakang'ono kangathe kuutupitsa moyo wonse. Ngati mukufuna kuthandiza, muziwakumbutsa zolimbitsa mkono zimene anamwino anawaonetsa, zoyendetsa zala pakhoma kukwera m'mwamba m'mawa ndi madzulo, chifukwa Lamlungu ndinaona akulephera kufikira chikho pa shelefu. Kwa amayi a kumpingo, mapemphero tikuwafuna kwambiri, ndipo mubwere nawo mpaka ku Lilongwe. Koma kusala kudya musale inu. Wodwalayo adye: mazira, nyemba, usipa, mkaka ukapezeka.

Tsopano nkhani imene palibe anaitchula pakhonde paja ngakhale inali m'maso mwa aliyense. Kuchipatala cha boma mankhwala salipiritsa, koma minibasi imalipiritsa, njinga yamoto imalipiritsa, ndipo munda sudikira wodwala. Ndikukudziwani, achemwali. Mwawerengera kale maulendo asanu ndi atatu a anthu awiri, mwawasandutsa matumba a feteleza, mwaonamo fizi ya mtsikana wanu wa Fomu 2, ndipo mwagamula mumtima kuti inu ndinu wotchipa kuposa zonsezo. Munachita chimodzimodzi mu 1998, pamene munasiya sukulu kuti ine ndipitirize. Nthawi ija ndinali mwana, sindinathe kukana. Lero ndikukana. Mtsikanayo feteleza sadzamuperekeza kuchinkhoswe.

Ndalankhula ndi mng'ono wathu wa ku Joni ndipo wavomera kutumiza ya mayendedwe mwezi uliwonse. Chakudya ndi pogona ndi zanga. Fizi ya teremu ikubwerayi ndatenga ine. Ndalama zanu za kubanki m'khonde musazikhudze, zikhale za aganyu nthawi yopalira. Nkhanga zinapangana kusanapse, ndipo ndafuna tipangane tsopano chifukwa choopsa china ndi kuyamba n'kulekera panjira. Amayi ambiri amalandira diripi ziwiri kapena zitatu, ndalama ya minibasi n'kutha, kapena amva bwino, osabwereranso. Vutoli ndi la mayiko ambiri, moti bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, pokhazikitsa ndondomeko yake ya khansa ya m'mawere mu 2021, linaika mwa zolinga zake zitatu kuti amayi 80 mwa 100 alionse oyamba chithandizo azichimaliza. Ngati tiyamba, tiyambe titawerengera mpaka diripi yachisanu ndi chitatu.

Alamu, inu ndi ine sitinayankhulanepo za zinthu zolemera, timangokamba za mpira ndi mitengo ya mbatata pa Lizulu. Kukhala chete kwanu kwa Lamlungu sindinakutenge ngati nkhanza, ndinaona mantha. Koma akazi anu akumva ngati mwayamba kuwaona ngati munthu wopunguka. Sanandiuze ine, anauza mlamu wawo. Khansa siyopatsirana, simungaitenge pogona mphasa imodzi kapena kudyera mbale imodzi. Ulendo umodzi wokha mwa asanu ndi atatuwo mudzabwere inu, mudzakhale pambali pawo diripi ikutsika. Munda ndidzapezera munthu tsiku limenelo.

Azakhali anati ine, monga mwinimbumba, ndigamule nkhaniyi. Mwambo umandipatsa mpando umenewo, ndipo pa milandu ya malire a munda kapena ya maukwati a ana anu ndidzaukhala. Koma mitsempha imene mudzalowe mankhwala ofiira aja ndi yanu, mseru udzakhala wanu, mutu wometeka udzakhala wanu. Chaka chatha ndinagamula za thupi lanu ndili chigonere, ndipo taona kumene zinatifikitsa. Maganizo anga ndanena mosabisa: ndikufuna mulandire kemo, mumwe piritsi, ndipo akadzati kuwotcha, tidzamve zifukwa zawo. Koma mawu omaliza ndi anu. Mukakana kemo mutamvetsa zonse, sindidzakwiya ndipo sindidzakusiyani. Ndidzangokupemphani kuti piritsi lokhalo musalikane, ndipo masiku okaonedwa kuchipatala musawaphonye, pamodzi ndi kuyezetsa bere latsalalo. Chimene sindingavomere n'kuti nkhaniyi igamulidwe ndi kuzengereza, kuti tizingoti tiona, tiona, mpaka nthawi itigamulire yokha. Adokotala anati kemo imagwira bwino ikayamba pasanathe masabata asanu ndi limodzi kuchokera pa opaleshoni, ndipo ikachedwa kupitirira miyezi itatu phindu lake limatsika. Lachisanu likubwerali mukwanitsa masabata anayi.

Safunsa anadya phula, ndiye ulendo uno mukafunse inu, ine ndikangogwira cholembera. Mukawafunse kuti mwa amayi a pepala longa lanu, kemo imasintha chiyani, ndipo akuyankheni m'Chichewa, osati m'Chingerezi chothamanga chija. Mukafunse nambala yoimbira thupi likatentha usiku. Mukafunse chochita tsiku limene mankhwala ena sapezeka, ngati pali kogula kapena podikira. Mukafunse ngati piritsi lija mungamadzatengere pafupi, kuti musamakwere minibasi ya ku Lilongwe zaka zisanu chifukwa cha kabotolo kamodzi. Ndipo ngati pabenchi mutakumana ndi mayi wovala duku amene ali pa diripi yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi, mukhale naye pafupi. Iye akuuzani zimene ine ndi kope langa la masamu sitingazidziwe.

Tsiku lanu ndi Lachiwiri sabata yamawa, 8 koloko m'mawa. Ndapempha kale tchuthi kwa ahedi. Lolemba masana ndidzakhala pamphambano ya Tsangano, pamene amayi amagulitsira kabichi paja, ndipo ndidzadikira mpaka njinga yamoto yomaliza. Kupita Lachiwiri si kuvomera kemo, n'kukamva ndi makutu anu. Mutenge kabuku ka kuchipatala ndi pepala lija, mapiritsi anu a BP, ndi juzi yokhuthala. Mlamu wanu wagula maduku awiri mumsika wa Lilongwe, lina lobiriwira lina la maluwa ofiira, ndipo akuti mukakana kemo adzavala yekha, ngakhale lofiiralo silimukhala. Akutinso musabwere chimanjamanja, kachewere wa kuno ndi wamadzimadzi. Kathumba kakang'ono kokha, ndipo anyamule ndi alamu mpaka panjinga, osati inu ndi mkono umenewo.

Ndine mlongo wanu,
wa ku Lilongwe